Mpikisano wa a Khoviwa ndi Nyanja Yamchere

Mwambi wa liwiro la mumchenga uja unayamba motere, anyamata inu, ndipo zimitsani wailesiyo chifukwa nkhaniyi sindiibwereza. Ndikaikamba kawiri mutu umandiwawa. Sindinachite kumva kwa munthu ayi, ndinalipo ndekha, ndipo minibasi imene inazunzika pa nkhaniyi inali yanga.

Nthawi imeneyo ndinali dalaivala pa siteji ino ngati inu nomwe. Minibasi yanga inali yoyera, yatsopano, mipando idakali m'mapulasitiki. Ku Luchenza kuno kunali bungwe la anthu amene anapuma ntchito ku minda ya tiyi, nkhalamba khumi ndi ziwiri. Wapampando wawo anali mayi Nachuma, mayi wathupi, amene anayang'anira othyola tiyi kwa zaka zambiri, ndipo akakuwa mawu awo ankamveka phiri lina. Anthuwa anapangana kuti asanafe akaone nyanja yamchere ku Mozambiki, ayende m'mbali mwake masiku angapo, aone magombe ndi nyama zakutchire. Anasankha ine kuti ndiwanyamule.

Tsoka langa linali lakuti m'bungwemo munali mlamu wanga, a Khoviwa, amuna a achemwali anga a Esinala, amenenso anali m'bungwe lomwelo. A Khoviwa anali mesenjala ku ofesi ya esiteti. Chaka china, tsitsi lidakali lakuda, anapambana mpikisano wothamanga wa ogwira ntchito n'kupatsidwa ketulo. Ketuloyo inadooka kalekale, koma liwiro lija anali nalobe m'kamwa. Aliyense wokumana nawo ankamva za mpikisano umenewo, ngakhale pamaliro. Ndipo chifukwa chodalira miyendo yawo, sankafulumira pa chilichonse. Mukawaitana ankangokweza dzanja n'kunena kuti, "Tsogolani, ndikupezani."

Vuto linayambira pa chipata cha Muloza. Tonse tinadinditsa ziphaso n'kukwera, koma mpando umodzi unali wopanda munthu. Ndinasuzumira pawindo n'kuwaona a Khoviwa ali phee pabenchi, atavala suti yakuda ndi tayi, akupukutitsa nsapato.

"Alamu, tiyeni!" ndinakuwa.

"Tsogolani, ndikupezani."

"Mutipeza bwanji? Iyi ndi galimoto!"

"Galimoto ndi chiyani kwa ine? Funsani achemwali anuwo."

Achemwali anga anangoweramitsa mutu. Iwo anali munthu wosayankhula, woti ukamuponda phazi amapepesa ndi iye. Tinadikira dzuwa likutiphika, mpaka nsapato zonse ziwiri zinawala.

Ku Mocuba a Khoviwa anatichedwetsa posankha chipewa. Titafika kunyanja koyamba, kupitirira Quelimane, amayi aja anatsika n'kuima kukamwa yasaa. Madzi osaona tsidya, mafunde aatali ngati nyumba. Mayi Nachuma anatunga pang'ono m'dzanja, kulawa, n'kulavula.

"Ndani wathira mchere wonsewu? Ife kwathu tikumapemphana wa ndiwo!"

Anthu anaseka, anasamba, anamwa madzi a kokonati. Nthawi yonyamuka itakwana a Khoviwa kunalibe. Tinawapeza atamugwira mkono wogulitsa kokonati, akumufotokozera za ketulo ija m'Chichewa, munthu wosamva ndi liwu limodzi lomwe.

Tsiku lachitatu tinalowa m'nkhalango yosungira nyama. Mlonda wa kumeneko anakwera nafe, ndipo anatichenjeza kuti wina asatsike. Tinaona njati zikutiyang'ana ndi maso oipa, mbawala zikudumpha msewu, anyani akupalana nsabwe. Nditaima kuti amayi aone bwino gulu la njati, ndinangomva chitseko chikutseguka. A Khoviwa atsika kukatola munga wa nungu woti abaye pa chipewa chatsopano chija. Atangowerama, m'tchiremo munatuluka njiri ndi ana ake. A Khoviwa anakuwa ngati mbuzi yogwidwa ndi fisi, anathamanga mapazi khumi okha, n'kudziponya m'galimoto chamutu, kugwera pamiyendo pa mayi Nachuma.

Kunena zoona, njiri ija inathawira mbali ina, mchira uli njo. Tonse tinaiona. Koma a Khoviwa atadzuka anakonza tayi n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Mwaona? Chilombo cha miyendo inayi ndachisiya m'mbuyo. Magazi a mpikisano sakalamba."

"Mukadzandigweranso ndikuthyolani miyendo yomweyo," anatero mayi Nachuma. Mlonda uja anatukwana m'chiyankhulo chake mpaka tinatuluka pageti.

M'mawa mwake, pa nyumba yogona alendo, tonse tinali m'galimoto ndipo a Khoviwa anali akumeta ndevu pakhonde, kagalasi atakaimika pazenera. Tinaliza hutala. Iwo anakweza dzanja, thovu lili mbuu kumaso.

"Tsogolani, ndikupezani."

Mayi Nachuma anandimenya paphewa. "A Sapuwa, mwamva. Akuti titsogole. Yendetsani!"

Ndinayendetsa. Mtima unali utadzaza kale, ndiye sindinachite kuuzidwa kawiri. Tinapita mtunda ndithu n'kukaima pansi pa mtengo wa mango. Patapita nthawi anatulukira ali pa kabaza, tsaya limodzi lometa, lina losameta, chikwama chili pamutu. Anatsika n'kundiloza chala.

"Alamu, inu mwandisiya ine? Munthu amene ndinakwatira mlongo wanu?"

"Paja munati mutipeza. Si apa mwatipeza? Kungoti mwatipeza pa njinga."

Amayi anaseka mpaka kupukuta misozi. A Khoviwa anakwera mwakachetechete n'kungonena mawu amodzi: "Tiona." Ndikanakhala wanzeru ndikanawamvetsa mawu amenewo.

Masana a tsiku lomwelo tinafika pa mudzi wina wa asodzi, gombe lomaliza pa ulendo wathu. Kumeneko tinapeza bambo wina dzina lake a Jowakimu, msodzi amene anakhalapo ku Mulanje nthawi ya nkhondo ya kwawo, ndipo Chichewa ankachiyankhula bwino. Iwo anavomera kutiperekeza kukaona mbalame ndi akamba am'madzi. Koma nyanja kunalibe. Pamene timayembekezera madzi panali chigwa cha mchenga wonyowa, chachikulu ngati esiteti yonse, madzi ali kutali ngati athawa mlandu.

"Mvetserani bwino, abale anga," anatero a Jowakimu. "Nyanja iyi si ngati yanu ija yokhala malo amodzi. Iyi imachoka n'kubwerera. Panopa yachoka. Ikamabwera siyenda, imathamanga. Ndikaliza ichi," anationetsa chigoba chachikulu cha nkhono, "musafunse, musatole kanthu. Tembenukani nonse, tithamangire kumtunda."

"Kuthamanga?" a Khoviwa anaseka. "Bambo, mukudziwa amene mukuyankhula naye?"

A Jowakimu anawayang'ana kuyambira pa chipewa mpaka ku nsapato. "Vulani nsapatozo, akulu."

"Izi sizivulidwa pagulu."

Apa ndivomere kulakwa kwanga. Chifukwa choti nkhalamba zina miyendo inali yotupa, ndipo a Muhiwa ankayendera ndodo, ndinalowetsa minibasi pa mchenga wonyowa uja, umene unali wolimba ngati tala, kuti ndiwafupikitsire ulendo. A Jowakimu anati palibe vuto bola tichoke nthawi yabwino. Ndinaimika galimoto n'kusiya makiyi pomwepo, poti kabudula amene ndinavala analibe thumba. Womaliza kutsika anali mlamu wanga.

Tinayenda mtunda wautali, ndipo zimene tinaona sindidzaiwala. Mbalame zofiirira za miyendo ngati nsungwi zitaima ndi mwendo umodzi. Nkhanu zikwizikwi zikuyenda chammbali, tikayandikira zonse zii m'maenje. Kamba wam'madzi wamkulu ngati beseni lochapira. Patali zinyama zina zinkadumpha m'madzi, ndipo a Jowakimu anati si nsomba chifukwa zimayamwitsa ana. Mayi Nachuma anati limenelo ndi bodza lamkunkhuniza, koma anayang'anabe mpaka maso kuwawa. Ngakhale achemwali anga anaseka mokweza, chinthu chimene ndinali ndisanachimve kwa zaka.

A Khoviwa zonsezi analibe nazo ntchito. Iwo anapeza kuti m'zithaphwi zimene nyanja inasiya munatsalira nsomba, zonenepa, zosowa kothawira. Anavula chipewa n'kuyamba kuvuula nacho. Anadzaza matumba a jekete. Anadzaza matumba a thalauza. Ankapita chithaphwi ichi, chithaphwi icho, akutalikira.

Ndiye chigoba chija chinalira. Puuu! Titayang'ana kunyanja tinaona mzere woyera wa thovu, wautali kuchokera uku mpaka uko, ukubwera.

"Tiyeni! Nonse!" anakuwa a Jowakimu.

"Bambo a Lute, tiyeni!" anaitana achemwali anga.

"Muli ziwiri zazikulu muno," anayankha a Khoviwa.

"Alamu, siyani nsombazo!"

Anakweza dzanja osatembenuka n'komwe. "Tsogolani, ndikupezani. Nkhalamba ngati inu ndikupatseni mwayi."

Tinathamanga. Anyamata inu, amene simunathamangepo pamchenga simudziwa kanthu. Madzi akamayandikira, mchenga uja umafewa kuchokera pansi. Ukaponda umakumeza mpaka m'kakolo, ukatsogola phazi limodzi umakubweza theka. Amayi anakwinya zitenje n'kugwirana manja awiriawiri. Ine ndinkakoka mayi Nachuma, iwo akunditukwana kuti ndikuwazula mkono. Tinkagwa, kudzuka, wefuwefu, koma tonse pamodzi, ndipo tinafika pa minibasi madzi adakali kumbuyo.

Ndinadumphira pa mpando wanga n'kutambasula dzanja. Makiyi palibe. Ndinafufuza pansi, pampando, paliponse.

"Makiyi anga! Ndani watenga makiyi anga?"

Kenaka achemwali anga anayankhula ndi mawu ang'ono. "Achimwene, potsika paja ndinawaona akuika kanthu m'thumba la thalauza. Anati lero tione ngati muwasiyenso."

Ndinakwera padenga la galimoto n'kuyamba kukuwa. "Alamu! Makiyi! Thamangani!" Amayi onse anathandizira, mayi Nachuma akutsogolera ndi mawu awo aja.

Kutali uko a Khoviwa anatimva. Mukuganiza kuti ananyamuka? Anayamba amaliza kugwira nsomba ziwiri zija. Anavala chipewa chonyowa. Anamanga mabatani a jekete. Kenaka, ife tikuona ndi maso athu, anagwada pansi ngati mmene amachitira othamanga pa mpikisano, zala pamchenga, matako m'mwamba, kudikira kaya ndani kuti awaimbire wezulo. Inawaimbira ndi nyanja. Funde loyamba linawamenya kumbuyo, khuvu, n'kuwagwetsa chafufumimba.

Anadzuka n'kuyamba liwiro. Manja ankapalasa bwino ndithu, mawondo ankakwera ngati a mnyamata, koma munthuyo sankasuntha. Ankangokumba dzenje pamalo amodzi. Nsapato yakumanja inatsalira mumchenga. Anabwerera kukaizula. Poizula, yakumanzere inamira. Madzi anafika m'mawondo. Chipewa chinauluka. Anavula jekete n'kuitaya, nsomba zikubwerera kwawo mosangalala. Koma thalauza linali litalemera ndi madzi ndi nsomba za m'matumba, likutsetserekera m'miyendo n'kumawakola.

Nditaona manja awo akupita pa lamba, ndinakuwa ndi mphamvu zanga zonse.

"Thalauza ayi! Musavule thalauza!"

"Musavule thalauza!" anakuwa amayi onse khumi.

Mphepo inali ikuwomba kuchokera kunyanja, ndiye kaya anamva chiyani. Anatikwezera chala chachikulu ngati akuthokoza malangizo, anavula thalauza, analizunguza kawiri pamwamba pa mutu, n'kuliponya kutali m'mafunde. Makiyi a minibasi yanga ali momwemo.

Zimene ndinanena padenga paja sindingazibwereze, chifukwa panali amayi a mvano ndipo mpaka lero ena sandipatsa moni bwino.

"Tsikani apo, tikankhe!" anakuwa a Jowakimu.

Ndinamasula buleki, tonse tinagwira. Koma mukudziwa inu madalaivala, makiyi akachoka chiwongolero chimakhoma. Changa chinakhoma matayala atapindikira kumanzere. Tinakankha ndi mphamvu zathu zonse, nkhalamba zikubuula, galimoto n'kuyenda bwinobwino, kukhota, kukhota, mpaka tinapezeka tazungulira ndipo mphuno yake yaloza kunyanja. Tinali tikuikankhira m'madzi tokha.

"Imani! Imani, anthu opusa inu!" anatero mayi Nachuma, chonsecho iwo ndi amene ankakankha kwambiri.

Madzi anafika m'matayala. A Jowakimu analizanso chigoba chawo katatu, ndipo asodzi a m'mudzimo anatsika akuthamanga ndi zingwe zokokera makoka. Anali amuna oposa makumi awiri. Ena anamanga zingwe kumbuyo, ena ankanyamula kutsogolo kwa galimoto n'kumaiwongola ngati akutembenuza ng'ombe yakufa. Ankakoka akuimba, funde n'kumenya, kukoka, funde n'kumenya. Pofika pouma, madzi anali atalowa mpaka m'mipando, injini itamwa mchere wokwanira. Mkati munali nkhanu zitatu.

Minibasi imeneyo sinachirenso. Makaniko wa m'tauni anabwera patapita masiku awiri, anathyola loko wa chiwongolero n'kuidzutsa popanda makiyi, ndipo inatifikitsa kuno ikutsokomola njira yonse. Koma mchere suiwala. Pasanathe chaka dzimbiri linadya pansi ponse, moti okwera ankaona msewu pakati pa mapazi awo. Mukadzabwera kwathu mudzaiona kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira.

Nanga mlamu wanga? Pamene ife timalimbana ndi galimoto, iye madzi anali atamufika m'khosi. Mwayi wake, pafupi panali mtengo umene asodzi anazika womangirapo misampha ya nsomba. Anaukwera n'kuukumbatira, akulira mayina a makolo ake onse. Asodzi awiri anapita ndi bwato kukamuthyola pamenepo ngati papaya. Anafika naye kumtunda ali ndi shati, tayi, sokosi imodzi ndi kabudula wamkati wong'ambika. Mudzi wonse unali pagombe. Achemwali anga anavula chitenje chapamwamba n'kumuponyera osamuyang'ana.

Tinamuzungulira. Ine m'manja munali sipanala, ndipo a Jowakimu anandilanda mwaulemu. Tinkayembekezera kuti munthuyu agwada n'kupepesa. Iye anasanza madzi amchere, anamanga chitenje m'chiuno, anakonza tayi, n'kutiyang'ana ngati olakwa ndife.

"Mpikisano umenewu sunayende mwachilungamo," anatero.

"Mpikisano?" anafunsa mayi Nachuma.

"Eya. Choyamba, munanyamuka ine ndisanakonzeke. Chachiwiri, mchenga wa kuno ndi wachilendo, umakondera. Chachitatu, ndani anandiuza kuti ndivule thalauza? Suti yanga yaukwati yapita chifukwa cha inu. Alamu, nkhani ya suti imeneyi tikakambirana kunyumba."

Ndinalumpha kuti ndimugwire pakhosi, asodzi anayi n'kundigwira. Mayi Nachuma anavula patapata. Koma asanamenye, panamveka mawu amene tonse sitinawazindikire.

"Khalani pansi, bambo a Lute."

Anali achemwali anga a Esinala. Maso ali psuu, manja m'chiuno.

"Mayi a Lute, ine ndikungofotokoza kuti tikanayambira pa mzere umodzi, nonsenu mukanangoona msana wanga."

"Ndati khalani pansi!"

Anakhala, pamchenga pomwepo.

"Zaka makumi anayi ndakhala ndikukudikirani. Tsiku la ukwati wathu ndinaima pakhomo la tchalitchi mpaka maluwa kufota, inu mukuti tsogolani. Pobadwa Lute munafika mwana atayamba kale kuyamwa. Kumunda ndimalima ndekha mizere khumi inu mukunola khasu. Ndinkangoti ndi mmene analengedwera. Lero mwamiza galimoto ya mlongo wanga, mwatsala pang'ono kundisandutsa wamasiye m'dziko la eni, mwaonetsa mudzi wonse zimene ndimaona ndekha, ndiye mukuti sitinachite chilungamo? Mayi Nachuma awa ali ndi nyamakazi, afika. A Muhiwa awo amayendera ndodo, afika. Inu katswiri wa ketulo mwabwera pa bwato ngati thumba la chinangwa!"

A Khoviwa anatsegula pakamwa. "Komatu pa tala ine..."

"Pano pali tala? Mwaliona tala pano?"

Asodzi aja ankawakoka a Jowakimu malaya kuti awamasulire, ndipo akamasulira chiganizo chimodzi ankagwa pansi ndi phwete. Koma ife sitinaseke. Achemwali anga anawerama mpaka mphuno yawo inatsala pang'ono kugunda ya amuna awo, n'kunena mawu omaliza pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana wa sitandade wani. Mawu amenewo ndi amene amayi aja anabwera nawo ku Luchenza, kuwanena kumpopi, kuchigayo ndi kumaliro, mpaka anafalikira dziko lonse, ndipo lero mumawanena inu osadziwa kuti anandidyera minibasi:

"Bambo a Lute, liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi!"